Getsi la pageti, maswichi awiri

Ana anga, inu amene mwakula mukuona magetsi a sola akudziyatsa okha pampanda dzuwa likangolowa, simudziwa thukuta limene linkatsika kuti njira yochokera pageti kukafika pakhonde iwale usiku. M'nyumba zikuluzikulu za ku Sunnyside ndi ku Namiwawa mu Blantyre, kumene galimoto inkayenda kamtunda ndithu isanafike pagalaja, eni nyumba ankafuna kuti mlonda aziyatsa ali pageti, iwo n'kumazimitsa ali m'nyumba.

Nzeru yake inali yaifupi koma yokoma. Swichi ya two-way ili ndi pomangira mawaya patatu: COM, L1 ndi L2. Waya wamoto, womwe masiku amenewo unali wofiira (abulauniwa abwera dzana), unkachoka pabokosi la mafyuzi n'kulowa pa COM ya swichi ya m'nyumba. Mawaya awiri ankanyamuka pa L1 ndi L2, kuyenda limodzi mpaka pa L1 ndi L2 ya swichi ya kugeti, ndipo COM ya kumeneko ndiyo inkapereka moto kumababu. Motero moto unali ndi njira ziwiri: maswichi akaloza njira imodzi getsi liyake, akasemphana lizime, ndipo aliyense wodina, kaya kuno kaya uko, ankatembenuza zimene wapeza. Madala amene anatiphunzitsa ntchitoyi, munthu wonunkha fodya wopichira ndiponso wosapupuluma, ankakwiya pa chinthu chimodzi chokha: kudulira waya wakuda wa neutral pa swichi, pakuti potero babu limazima moto ukadali m'chotengera chake, kudikira chala cha wodzasintha babu.

Koma ntchito yeniyeni inali pansi pa nthaka. Tinkakumba ngalande yolekeza m'mawondo, fungo la katondo wonyowa lili thoo, n'kuyala mchenga wa kumtsinje, kugonekapo chingwe cholemera chovala zitsulo, kuthiranso mchenga, kenaka kundandalika njerwa pamwamba pake kuti khasu la wosamalira maluwa likakumane ndi njerwa lisanafike pa waya. Mzati uliwonse wachitsulo unkalandira waya wobiriwira wa earth. M'mabokosi olumikizira tinkathiramo phula lotentha lotsamwitsa pakhosi, poopa chinyontho cha mu Januwale ndi nyerere zokonda kumanga m'malo ofunda. Tikafuna kukwirira msanga kuti tiweruke, madala aja ankangoti kuona maso a nkhono n'kudekha, n'kutiyesetsa kaye maswichi m'njira zonse zinayi, wina pageti wina pakhonde tikukuwirana, popeza mutu umodzi susenza denga.

Za lerozi sindizinyoza ayi. Magetsi a ESCOM akathima, ka sola kaja kamawalabe pamene mizati yathu ili bii, ndipo ena amayatsira pafoni ali pakama. Komatu chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere: mvula zingapo zikadutsa batire yafooka, pulasitiki yapsa ndi dzuwa, mwini wake wapitanso kusitolo. Chimene chimandiwawa kwambiri ndi kuona waya wa m'nyumba atangoyalidwa m'kapinga, polumikiza atakulungapo tepi ndi jumbo, pabwalo pomwe ana amathamanga opanda nsapato mvula itangokata.