Ulendo wa ku Gorongosa: Kumene Chuma Chinabweza Njati

M'mwezi wa Ogasiti ndinali ndi mwayi woyenda ulendo wautali kuchokera kwathu ku Angónia kukafika ku Gorongosa, m'chigawo cha Sofala. Tinanyamuka m'bandakucha, tinawoloka Zambezi pa mzinda wa Tete dzuwa likuswa mtengo, ndipo tinadzera ku Changara, Catandica ndi Chimoio. Pa mphambano ya Inchope tinakhotera kumpoto n'kuwoloka mtsinje wa Púnguè. M'mbali mwa msewu munali matumba a makala atandandalika kudikira ogula. Sindinawadzudzule eni ake mumtima mwanga, pakuti ndikudziwa kuti mitengo imeneyo inagwa kuti m'nyumba mupezeke mchere, sopo ndi makope a ana.

Ku msasa wa Chitengo, kumene alendo amagona, tinalandiridwa ndi njiri zikudya udzu chogwada, osatiopa konse. M'mawa mwake anatitengera ku dambo lalikulu lozungulira nyanja ya Urema. Kumeneko anakodzwe anali mbwee mpaka kumene maso amalekezera, ndipo chapatali gulu la njati linkadzutsa fumbi.

Koma malo amenewa anaona masautso. Gorongosa inakhazikitsidwa kukhala malo otetezera nyama m'chaka cha 1960, ndipo kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1970 munali njati pafupifupi 14,000 ndi njovu zoposa 2,000. Kenaka inadza nkhondo ya pachiweniweni ya 1977 mpaka 1992, yomwe ija inathamangitsira ambiri a ife ku Malawi. Njovu zinaphedwa chifukwa cha minyanga, nyama zina zinasanduka ndiwo za asilikali ndi anthu anjala. Pamene mtendere unkasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, nyama zikuluzikulu zoposa 90 pa 100 zilizonse zinali zitatha, ndipo njati zotsala sizinkakwana n'komwe 100.

Nanga zinabwerera bwanji? Chifundo chokha sichikanalipira alonda a nyama, kukonza misewu kapena kugula mafuta a galimoto. Panafunika ndalama, ndiponso ndalama zoleza mtima. M'chaka cha 2004 munthu wina wachuma wa ku America, Greg Carr, anayamba kuthandiza malowa, ndipo mu 2008 bungwe lake linasainirana ndi boma lathu pangano la zaka 20 loyendetsera malowa limodzi. Mu 2018 panganolo linatalikitsidwa ndi zaka zina 25. M'chaka chomwecho anabweretsamo mimbulu kuchokera ku South Africa, ndipo kalembera wa pa ndege anapeza nyama zikuluzikulu zoposa 100,000.

Chimene chinandikhudza koposa n'chakuti gawo lalikulu la ntchitoyi likuchitikira kunja kwa malire a nyama, m'midzi ya anthu. Ambiri mwa antchito ndi ana a komweko. Kuli magulu othandiza atsikana kuti asasiye sukulu, kuli ntchito zaumoyo ndi alangizi a zaulimi. Pa phiri la Gorongosa, limene nsonga zake zinaphatikizidwa ku malo otetezedwa mu 2010, alimi amabzala khofi pansi pa mthunzi wa mitengo yachilengedwe. Khofiyo amafuna mthunzi, choncho mlimi wofuna phindu amasamala mtengo umene kale akanaugwetsa, ndipo akasupe otsikira kudambo amatetezeka. Namondwe Idai atasakaza chigawochi mu Malichi 2019, alonda a nyama omwewo ndiwo ananyamula chakudya kupita nacho kwa mabanja ozingidwa ndi madzi. Munthu amene mwana wake akulandira malipiro kumeneko satchera msampha mopepuka.

Nzeru imeneyi si yachilendo kwa ife a chigawo cha Tete. M'chaka cha 1994, ku Bawa m'boma la Mágoè, inayamba ntchito yotchedwa Tchuma Tchato, ndiko kunena kuti chuma chathu, momwe midzi imalandirako gawo la ndalama zolipiridwa ndi alendo osaka nyama mwa chilolezo. Kuyambira 2005, malamulo a dziko lathu anakonza njira yoti magawo 20 pa 100 aliwonse a msonkho wa nkhalango ndi nyama zakuthengo azibwerera kwa anthu a m'dera lomwelo, malinga akhale ndi komiti yawo ndi akaunti ya kubanki. Palinso thumba la BIOFUND, lokhazikitsidwa mu 2011, limene limasunga chuma choperekedwa ndi abwenzi n'kumathandiza malo otetezedwa ndi phindu lake, monga mlimi wanzeru amene sadya mbewu. Yosefe nayenso anachita chimodzimodzi ku Aigupto, podzaza nkhokwe m'zaka za dzinthu kuti anthu apulumuke m'zaka za njala.

Pobwerera, mapiri a kwathu ndinawaona ndi maso ena. Ambiri ali mbee, ndipo amayi athu amayenda mtunda wautali kukatola nkhuni. Ife tilibe mamiliyoni a madola, koma tili ndi mabungwe a amayi osunga ndi kubwereketsana ndalama, tili ndi zopereka za masika, tili ndi malo ozungulira matchalitchi athu. Kodi pokonza ndondomeko ya chuma cha mpingo chaka chamawa sitingapatuleko kangachepe ka nazale ya mitengo, ndi kamalipiro ka wachinyamata woithirira mpaka mbande zitagwira? Kodi akulu a mpingo amene ali m'makomiti a m'midzi sangafunse, mwaulemu koma mosaopa, ngati gawo la anthu lija linafika, ndi momwe linagwirira ntchito?

Buku la Genesis limatikumbutsa kuti ntchito yoyamba imene Mlengi anapatsa munthu inali yolima ndi kuyang'anira munda wake. Ndife adindo chabe, ndipo mdindo adzafunsidwa za ndalama ndi za nthaka yomwe. Akulu anati kupatsa n'kuika. Tiyeni tiikire adzukulu athu mthunzi ndi madzi. Ambuye akudalitseni nonse.