CIWONGOLERO CIKALIRA, CIMVERENI

Anthu ambiri a kumudzi alibe galimoto, koma palibe banja limene silinakwezepo mwana, wodwala kapena matumba a cimanga pa galimoto ya munthu wina. Zambiri mwa galimoto zimene zimafika ku Nyimba, Petauke ndi Katete zimagona m'makomboni a mu Lusaka, ndipo kumeneko ndiko zimayambira kudwala. Miseu ya m'Kanyama, George ndi Chawama imadzala madzi m'dzinja, ndipo akuluakulu akukumbukirabe cigumula ca m'Kanyama ca mu 1978. Pansi pa madziwo pamabisala maenje ndi miyala, ndipo zoyamba kupweteka ndi zitsulo zimene zimalumikiza ciwongolero ku magudumu.

M'Kanyama muli mkulu wina, makaniko, amene amakonzera galimoto patsinde pa mtengo wa mango. Anakulira ku Katete akuyendetsa ngolo ya atate wace, ndipo kumeneko anaphunzira kuti citsulo sicilira popanda cifukwa. Nkhani yace ndi imodzi: galimoto imayamba yadandaula isanaphe munthu. Cifukwa cace, asanagwire sipanala amafunsa mafunso atatu: ilira bwanji, ilira liti, ndipo ilirira mbali iti?

Ngati imveka gu! gu! kutsogolo podumpha maenje, iye amayang'ana tie rod, ndiko kuti kamtengo kacitsulo kamene kamakankha gudumu, ndiponso ball joint ndi timalabala ta m'munsi. Ngati imveka kha-kha-kha pokhota kwambiri, makamaka m'galimoto zazing'ono zokoka ndi magudumu a kutsogolo, amadziwa kuti labala la CV joint linang'ambika, girizi anatayika, ndipo mcenga ndi matope zinalowa. Kubuula kumene kumakula pamene munthu apotoza ciwongolero ndiye kuti mafuta ace acepa kapena pampu yatopa, ndipo kuthirako ena sikukwanira ngati podontha sipanapezeke. Kulira kwa tswii! kawirikawiri ndi lamba womasuka. Kung'ung'uza kumene kumakula ndi liwiro, nkusintha pokhota, ndi bering'i ya m'gudumu.

Atamva zonsezi amakweza galimoto pa jeke, naika citsa colimba pansi pace, pakuti jeke yekha sakhulupirika. Amagwira gudumu m'mbali zonse ziwiri naligwedeza. Likaseweramo, tie rod yatha. Aligwiranso pamwamba ndi pansi; likagwedera, mlandu uli pa ball joint kapena bering'i.

Tsiku lina kunafika mwana wa mlongo wace, amene amayendetsa minibasi ku Matero. Kumudzi kwa apongozi a mnyamatayo ku Petauke kunagwa maliro, ndipo anthu khumi ndi asanu anali kumdikira ndi mitolo yao. Minibasi inali itagogoda sabata lathunthu. Mkuluyo atagwedeza gudumu la kumanja anapeza kuti mutu wa tie rod watsala pang'ono kuguluka.

"Amalume, ingomangani ndi waya, tidzakonza tikabwerako. Maliro sadikira munthu," anatero mnyamatayo.

"Mwana wanga, kumudzi akumba manda amodzi. Kodi ufuna akumbe khumi ndi asanu ndi limodzi?" anayankha motero mkuluyo.

Anamkumbutsa kuti ku Petauke ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 400 pa mseu wa Great East, ndi kuti asanafike pa ulalo wa Luangwa, umene unatsegulidwa mu 1968, ayenera kutsika mapiri a Manenekera, kumene mseu umapindika ngati njoka ndipo m'mbali muli maphompho. Tie rod ikaguluka pamenepo, gudumu limaloza kumene lifuna, ndipo woyendetsa angakhale waluso motani alibe cocita.

Ndalama za cipangizo catsopano zinasonkhedwa movutikira, ndipo pamene cinapezeka dzuwa linali litapendeka. Mkuluyo anacimanga, natsekera nati ndi kaphini kace, osati msomali, ndipo anaumiriza kuti magudumu akawongoledwe ku galaja, cifukwa akapanda kutero galimoto imakokera kumbali ndipo matayala amadyeka msanga. Ananyamuka m'mawa mwace, nakafika anthu atabwerako kale kumanda. Acibale ena anakwiya, ndipo kufikira lero alipo amene amanena kuti makaniko uja anawamana kutsazika m'bale wao. Iye mauwo anawamva ndipo anamuwawa, koma nchito yace sanaisinthe. Amakanabe kuocerera ball joint yakutha kapena kuikhoma ndi nyundo kuti ioneke yolimba, angakhale mwini galimoto amcondere motani.

Bungwe la RTSA limayesa galimoto kuti lione ngati ndi zoyenera kuyenda pa mseu, koma pepala la mayeso silimva cimene cagogoda dzulo. Amene amamva ndi woyendetsa, kondakitala ndi inu amene mwakhala pa mpando wa kutsogolo. Makolo anati wakutsina khutu ndi mnansi. Mukamva kutsogolo kwa galimoto kukugogoda, kapena mukaona woyendetsa akulimbana ndi ciwongolero pa mseu woongoka, musacite manyazi. Funsani mwaulemu, ndipo yankho likapanda kukukhutitsani, tsikani ndi katundu wanu mudikire ina.