Fodya wa Pamphuno

Tsiku lomwe mwana wanga wamkazi anandiuza kuti akufuna kusiya ntchito ku Limbe kuti azipanga mafilimu, tinali pakhonde kwathu ku Nyambadwe. Ndinamuyankha ndi mwambi, kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo.

"Nanga adadi, a Joyce Mhango-Chavula aja anatani?" anandifunsa motero.

Ndinasowa chonena pakuti mbiri ya mayiyu ndimaidziwa. Anayamba zisudzo ali kusekondale, m'mipikisano ya ATEM, ndipo pambuyo pake anasewerako m'gulu la Wanna Do la malemu Gertrude Kamkwatira. M'chaka cha 2009 anasiya ntchito yolembedwa n'kuyambitsa gulu lake la Rising Choreos. Anaoneka mufilimu ya Shemu Joyah ya The Last Fishing Boat mu 2012, koma sanakhutire ndi kumangouzidwa poima ndi choyankhula. Anapita kuseri kwa kamera. Mu 2013 anatulutsa No More Tears, nkhani ya mtsikana wolandidwa chuma ndi abale a bambo ake omwalira. Kenaka filimu yake ya Lilongwe inapambana mphoto ya AMVCA ku Lagos mu 2016, monga filimu yopambana ya kum'mwera kwa Africa.

Usiku umenewo ine ndinaombera m'manja pa wailesi ya kanema. Chonsecho atanditchulira dzina lomwelo mwana wanga, ndinachita mantha. Kani timakonda kulimba mtima kukakhala kwa mwana wa eni!

Mantha angawo sanali opanda pake. Filimu imadya ndalama isanabweze ngakhale tambala, ndipo ikatuluka akuba luso amaikopera n'kumaigulitsa motchipa m'misika. Koma ndinadzifunsa kuti, akanamvera malangizo onga angawa mayi uja, nkhani ya mtsikana wolandidwa chuma ija akanaifotokoza ndani? Wosewera amayankhula mawu a wina, pomwe wotsogolera filimu ndiye amasankha nkhani yoti dziko lione.

Sindinamulole kusiya ntchito, ndipo mpaka lero sindinamulole. Tinagwirizana kuti ayambe ndi filimu yaifupi, azijambula Loweruka ndi Lamulungu. Sabata yatha anandipempha khonde lomwe lija kuti ajambulirepo. Wosewera mbali ya bambo wouma mtima sanabwere, choncho anandipatsa ine pepala la mawu.

"Mungoyankhula monga munayankhulira tsiku lija, adadi," anatero, kamera ili m'manja.