Udzudzu nawo ndi wotumidwa

Anzanga, teremu yatha ndinajomba sabata yathunthu chifukwa cha malungo. Patadutsa masabata atatu, mng'ono wanga wa zaka zisanu, amene timagona chipinda chimodzi, anayamba kutentha thupi mpaka kukomoka. Bambo anamutengera kuchipatala pa njinga usiku. Agogo anangoti, "Mwanayu wanyowa ndi mvula." Koma ine mtima sunakhale pansi, poti nthawi yomwe ndimadwala ndinkakana neti, ati kutentha.

Nditafunsa aphunzitsi a Bayoloje, zomwe anandiuza zinandizunguza mutu. Kachirombo ka malungo, Plasmodium, sikangokwera udzudzu ngati munthu wokwera kabaza ayi. Kamafika pogwira chiwongolero.

Udzudzu waukazi wa Anopheles ukayamwa magazi a wodwala, kachiromboka kamatenga masiku pafupifupi 10 mpaka 14 kakukula m'thupi mwake. Nthawi imeneyi udzudzu suluma kwambiri. Zimenezi zimakomera kachiromboka, chifukwa udzudzu ukaphedwa ndi mbama, nakonso kathera pomwepo. Koma kakakhwima n'kufika m'malovu, zinthu zimatembenuka. Kamasokoneza malovu aja, magazi osatuluka bwino, ndiye udzudzu umangobaya apa, kubaya apo, kuchoka pa iwe kupita pa mnzako.

Mu 2013 akatswiri ku Netherlands anaika nsalu ya sokosi yonunkha phazi pafupi ndi udzudzu. Wokhala ndi kachirombo unatera pansaluyo pafupifupi katatu kuposa wopanda. Anyamata a mpira, mwamva eti? Ndipo mu 2005 ku Kenya anapeza kuti ana okhala ndi kachirombo kokonzeka kufalikira ankakopa udzudzu pafupifupi kawiri kuposa anzawo.

Apa m'pamene ndinachita manyazi. Ine ndinkaganiza kuti neti ndi yoteteza amene ali bwino, ukadwala basi yatha ntchito. Chonsecho wodwala ndi amene udzudzu umamusaka, kenaka n'kukatula katundu kwa amene wagona pambali pake. Kaya ndine ndinapatsira mng'ono wanga kaya ayi, khomo ndinalitsekula ndine.

Anachira, tikuthokoza Mulungu. Pano neti yathu ndinaisoka mabowo onse, ndipo notsi za JCE ndimawerengera m'kati mwake ndi tochi. Kutentha kulipo ndithu, sindinama. Koma ndikamva kulira kuja pakhutu, ndimadziwa kuti mwina si njala yokha: alipo wautuma.