Wopita ku Nyika ayambe wawerengera ma amp

Msewu wochoka pa Rumphi kukafika ku Chelinda, pamwamba pa mapiri a Nyika, ndi wa makilomita oposa 100, ndipo mbali yaikulu ndi ya dothi. Ndinauyenda pa pikapu ya dizilo yokoka ndi matayala onse anayi, ndipo njira yonse maganizo anga anali pa magetsi a galimoto. Masiku ano galimoto zolowa kutchire zimasenza zambiri: nyali zazitali za LED padenga, winch kutsogolo, furiji kumbuyo, kompresa yopopera matayala, inverter yotchajira malaputopu ndi makamera. Zonsezi zimayamwa moto pa batire imodzi ndi alternator imodzi, zimene a kufakitale anaziyeza poganizira zosowa za galimoto yokhayo. Moto ukayamba kuperewera, mawu amene mwini galimoto amawamva msanga pa garaja ndi akuti, "Gulani alternator yaikulu, bwana." Ine ndikuti alternator yaikulu ikhale chinthu chomalizira kugula. Patsogolo pake pabwere kuwerengera ma amp, kukonza mawaya, ndi kupatula batire yolizira injini kuti isagawane moto ndi china chilichonse injini ikazima. Msewu umenewu ndiwo umboni wanga.

Titadutsa Bolero, kwa Themba la Mathemba Chikulamayembe, liwiro linatsika, ndipo silinakwerenso mpaka pa chipata cha Thazima cholowera mu paki ya Nyika. Pamsewu wa mabampu ndi zigwembe dalaivala wanzeru amayenda pang'onopang'ono, injini ikulira chapansipansi. Apa ndi pamene nambala yolembedwa pa alternator imapusitsa anthu. Ikalembedwa kuti ma amp 80, ndiye kuti imafika pa 80 injini ikamazungulira mwamphamvu, monga pa tala wa M1. Injini ikangolira galimoto itaima, kapena ikamakwawa, alternator yomweyo imatulutsa mwina theka la nambalayo, ndipo ikatentha imatsikanso. Tsono tiwerenge za usiku wamvula. Mababu awiri akutsogolo a ma watt 55 amadya pafupifupi ma amp 9. Tikaphatikiza nyali zakumbuyo, ma wiper, fani yochotsa nthunzi pagalasi ndi kompyuta ya injini, galimoto payokha imafuna ma amp 30 mpaka 40. Nyali ya LED ya ma watt 240 imaonjezera pafupifupi 17, furiji ikamalira pafupifupi 5, ndipo batire yachiwiri ikamatchajidwa ingatenge 25. Zonse pamodzi zafika cha pa 80, pomwe alternator panthawiyo ikupereka 40 kapena 50. Zotsalazo zikuchoka mu batire mwakachetechete, injini ikulira bwinobwino, nyali yofiira ya batire pa dashboard osayaka n'komwe. Masamu ake ndi osavuta: ma watt kuwagawa ndi ma volt, yankho ndi ma amp. Munthu akhoza kuwachita papepala asanatulutse ngakhale kwacha imodzi.

Wina anena kuti masamu omwewa akutsimikizira kuti alternator ndi yaing'ono, ndiye bwanji osangoika ya ma amp 150 kapena 200. Mfundoyi si yopanda pake, koma ikuiwala zinthu zingapo. Ma alternator ena aakulu amafika pa nambala yawo injini ikakwera kwambiri, pomwe pansi amapereka zofanana ndi ya kufakitale kapena zocheperapo, choncho funso loyenera kwa wogulitsa ndi lakuti imatulutsa ma amp angati injini ikamalira galimoto itaima. Komanso moto sumachokera m'malere. Ma amp 200 pa ma volt 14 ndi ma watt 2,800, ndipo popeza alternator imataya mphamvu yambiri ngati kutentha, injini imayenera kupereka pafupifupi kuwirikiza kawiri kudzera pa lamba. Lamba wowonda wa magalimoto akale amayamba kutsetsereka, kulira ndi kupsa, ndipo pa injini zina lamba yemweyo ndi amene amayendetsa pampu ya madzi. Akaduka, vuto la nyali lasanduka vuto la injini yowira. Ndiye pali waya wochoka pa alternator kupita ku batire, amene anayezedwera ma amp 80. Kumukakamiza kunyamula kawiri kuposa pamenepo, osamusintha iyeyo ndi mawaya a earth, ndi kuika chotenthetsera pansi pa boneti.

Kuchoka pa Thazima kupita ku Chelinda patsala makilomita pafupifupi 60, ndipo msewu umakwera m'nkhalango ya miombo mpaka kutulukira pa zitunda za udzu, penapake n'kumalambalala malire a Zambia. Nyengo ya dzinja dothi la m'zitundazi limaterera, ndipo ndi pano pamene winch imagwira ntchito imene anaigulira. Winch yokoka mapaundi 9,500, omwe ndi makilogalamu pafupifupi 4,300, ikamazula galimoto yotitimira imatha kuyamwa ma amp 400 kapena kuposa. Ngakhale alternator ya ma amp 200 singakwanitse zimenezo payokha. Alternator ili ngati mpopi, batire ngati thanki: winch imafuna madzi ambiri nthawi imodzi, ndipo amachokera mu thanki, mpopi n'kumabwezera pambuyo. Choncho chimene chimapulumutsa munthu m'matope ndi batire yathanzi yotha kutulutsa moto wambiri mwakamodzi, ndipo n'chifukwa chake kampani ya Warn, yopanga ma winch, imalangiza batire ya CCA (muyeso wa moto wolizira injini kukazizira) yosachepera 650. Pafunikanso mawaya onenepa, mitu ya batire yoyera ndi yomangidwa zolimba, injini yolira ndi moto wokwezedwa pang'ono, ndi kukoka mopumira kuti mota ya winch izizire. Mphindi imodzi yokoka pa ma amp 400 imachotsa ma amp-hour osakwana 7, amene alternator wamba imawabweza pa kanthawi kochepa. Chimene chimafooketsa winch nthawi zambiri ndi moto wotayika panjira.

Nkhani ya mawaya ndiyo imene ndikufuna aikhulupirire kwambiri eni magalimoto, chifukwa ndi yotchipa koma ndi imene imanyozedwa. Waya aliyense amadya gawo la moto wodutsamo, ndipo akatalika kapena akawonda amadya kwambiri. Tiyerekeze kuti batire yachiwiri ili kumbuyo kwa pikapu, mamita 6 kuchoka ku injini, kupita ndi kubwera mamita 12. Waya wa kopa wa 6 mm² atanyamula ma amp 25 amataya pafupifupi volt imodzi. Alternator ikupereka ma volt 14.2, kumbuyo kukufika 13.3, ndipo batire yotchajidwa chotero imadzaza mochedwa kwambiri, mwina osadzaza n'komwe pa ulendo wa tsiku limodzi. Waya wa 16 mm² pa mtunda womwewo amataya pafupifupi 0.3 basi. Alternator yaikulu singachiritse nthenda imeneyi, chifukwa nayonso imapereka ma volt omwewo. Pamsika palinso waya wa aluminiyamu wokutidwa ndi kopa pamwamba, wooneka wonenepa chifukwa cha pulasitiki. Mukamupala ndi mpeni amaonetsa kuyera m'kati, ndi wopepuka m'manja, ndipo sanyamula moto ngati kopa weniweni. Mabampu a msewu ngati uwu amamasula manati a pa mitu ya batire, amakhuza waya pa chitsulo pomwe wadutsa pabowo popanda labala, ndipo pamutu pakamera unga woyera kapena wobiriwira moto umatsamwa pomwepo. Waya aliyense wochoka pa mutu wa positive ayenera kukhala ndi fyuzi pafupi penipeni ndi batire. Popanda fyuzi, waya wosupuka akakhudza chasisi amafiira m'kamphindi, ndipo ku Nyika, nyengo yachilimwe, galimoto imakhala pakati pa udzu wouma wa paki yaikulu kuposa zonse m'Malawi.

Ku Chelinda, pamtunda wa mamita pafupifupi 2,300, pafupi ndi nkhalango ya paini, injini imazima, ndipo alternator ya mtengo uliwonse imakhala chitsulo chabe mpaka m'mawa. Furiji, nyali za pamsasa ndi mafoni zimapitiriza kudya. Furiji yoyamwa ma amp 4, ikamalira gawo limodzi mwa magawo atatu a nthawi, pa maola 14 imachotsa ma amp-hour pafupifupi 19, ndipo kumalo otentha ngati Vwaza imachotsa oposa pamenepo. Batire yolizira injini ili ndi timbale tambiri topyapyala, topangidwira kutulutsa moto wambiri kwa masekondi ochepa. Kuitsitsa kwambiri mobwerezabwereza kumaipha msanga. Batire yodzaza imaonetsa ma volt 12.6 ikapuma, ndipo ikafika cha pa 12.2 ndiye kuti yatsala theka. M'miyezi ya June ndi July ku Nyika kumagwa chisanu mpaka udzu kuyera, pamene kuzizira kumafooketsa batire, kumalimbitsa oyilo, ndipo dizilo imafuna ma glow plug atenthe kaye. Batire yotsala theka imakumana ndi ntchito yake yolemetsa kwambiri pa nthawi imene ili yofooka kwambiri. Galimoto ya otomatiki sungaikankhe kuti ilire. N'chifukwa chake ndikuti furiji ndi zonse za pamsasa zikhale pa batire yachiwiri, ya deep cycle, ya timbale tonenepa, yolumikizidwa mwanjira yoti injini ikazima mabatire awiriwo alekane okha.

Njira yowalekanitsira nayo imafuna kusankha. Pa magalimoto akale relay yomva ma volt imakwanira: imalumikiza mabatire moto ukakwera kupitirira ma volt 13, n'kuwalekanitsa ukatsika. Koma magalimoto ambiri atsopano, kuphatikizapo Ford Ranger za zaka zaposachedwapa, ali ndi alternator yolamulidwa ndi kompyuta, imene imatsitsa dala ma volt pofuna kupulumutsa mafuta. Pa galimoto yotere relay imangotseguka ndi kutseka, batire yachiwiri osadzaza. Pamafunika tchaja ya DC-DC, imene imakweza ma volt kufika pomwe batire ikufuna, komanso imaika malire, monga ma amp 25 kapena 40, kuti alternator isalemedwe. Okonda mabatire a lithium anena kuti ndi opepuka ndipo amalola kutsitsidwa kwambiri kuposa a asidi, ndipo akunena zoona. Koma lithium imameza moto wonse umene alternator ingapereke ngati palibe choiletsa, mpaka kuitenthetsa injini ikamalira chapansi, ndipo mtundu wa LiFePO4 suyenera kutchajidwa kukazizira kufika pansi pa madigiri 0. M'mawa wachisanu ku Chelinda chenjezo limeneli ndi lenileni, choncho wogula aonetsetse kuti batireyo ili ndi chotetezera chodula tchaji kukazizira.

Chotsutsa chomaliza ndi ndalama, poti batire yachiwiri, tchaja, mawaya ndi mafyuzi pamodzi zikhoza kudula kuposa alternator imodzi. Ndikuvomera, koma zimenezi zimagulidwa pang'onopang'ono, ndipo gawo loyamba limafuna multimeter yokha. Injini ikulira, zonse zitayatsidwa, yezani pa mitu ya batire. Ngati ma volt ali pakati pa 13.8 ndi 14.4, alternator ikukwanitsa. Ngati atsika pansi pa 13 pa galimoto yopanda alternator ya kompyuta, yezani pa alternator penipeni. Kusiyana kukapitirira theka la volt, wolakwa ndi waya kapena polumikizira. Kusintha mababu a halogen a ma watt 100 n'kuika a LED kumabweza ma amp angapo, ndipo sola ya padenga imadyetsa furiji masana galimoto itaima. Alipo amene alternator yaikulu amaifunadi: ambulansi, galimoto za ofufuza zonyamula makina, ndi za alonda a zinyama zimene zimakhala maola ambiri injini ikulira pamalo amodzi mawailesi ndi nyali zili zoyaka. Iwowa agule yopereka moto wambiri pa liwiro lotsika la injini, asinthe lamba ndi mawaya ake tsiku lomwelo, ndipo yakaleyo aikulunge bwino n'kuinyamula m'galimoto, chifukwa fumbi ndi matope a msewu wa Thazima zimadya ma brush ndi mabering'i a alternator iliyonse.