Ubale wa ku State House, ngongole ya ku Kanakantapa

Mukalowa m'nyumba ya mlimi wa ku Kanakantapa, m'boma la Chongwe, lero, zinthu za ku China mumaziona musanapatsidwe n'komwe mpando. Foni ya Itel kapena Tecno ikutchajidwa pa kasola ka padenga, pakona pali mpope wopopera tomato mankhwala, ndipo panja paima njinga yamoto yotengera mabokosi ku msewu wa Great East. Mu 1988, pamene boma la Kenneth Kaunda linkatsegula malo ano kuti achinyamata osowa ntchito m'tauni adzalime, China linali dzina lomveka pa wailesi, bwenzi lakutali la boma. M'badwo wathu waona bwenzi limenelo likufika mpaka m'nyumba zathu. Komabe ine ndikuona kuti chinthu chimodzi sichinasinthe: ubalewu umapanganidwa ndi atsogoleri okhaokha, pomwe wolipira zotsatira zake ndi munthu amene sanafunsidwepo.

Chiyambi chake chinali cholemekezeka, ndipo wokana zimenezi sadziwa mbiri. Ian Smith atalanda ulamuliro ku Rhodesia mu 1965, mkuwa wathu unalibe njira yodalirika yofikira kunyanja. Mayiko a azungu anakana kumanga njanji yopita ku Dar es Salaam, ati siingabweze ndalama. China, imene panthawiyo inali yosauka, inavomera, n'kupereka ngongole yopanda chiwongoladzanja. Kuyambira 1970 mpaka 1975 njanji ya TAZARA, ya makilomita 1,860, inamangidwa kufika ku Kapiri Mposhi. Dziko lofuna kukwera limatero: limafika pamene ena akana, ndipo wothandizidwayo saiwala. Mpaka lero nduna iliyonse ikamalandira alendo a ku Beijing imayamba ndi kutchula njanjiyi.

Chimene chinasintha n'chakuti mphatso inasanduka malonda. Mu 1998 kampani ya boma la China inagula mgodi wa Chambishi, ndipo pambuyo pake kunabwera makontirakitala, masitolo, alimi a nkhuku, kenaka ngongole zikuluzikulu. Anthu a m'boma la Chongwe safunika kupita kutali kuti aone zipatso zake. Nyumba yatsopano ya pa bwalo la ndege la Kenneth Kaunda, yotsegulidwa mu 2021, inamangidwa ndi ngongole ya madola 360 miliyoni yochokera ku Exim Bank ya China. Wodwala akamutumiza ku Lusaka, chipatala chachikulu choyamba kuchipeza pamsewu ndi cha Levy Mwanawasa, chimene China inamanga. Magetsi a ku Kafue Gorge Lower, mamegawati 750, ndi ntchito ya kampani ya ku China ya Sinohydro. Ngakhale zimene timaonera pa TV zinadzera momwemo, pamene kampani ya ku China ya StarTimes inagwirizana ndi wailesi ya boma ya ZNBC kupanga TopStar. Mphamvu yotereyi siifuna asilikali. Imangofuna kuti wopereka ngongole, womanga, ndi wogulitsa zipangizo akhale a kumodzi, ndipo ndalama zambiri zimabwerera komwe zinachokera.

Pali otsutsa amene amati kudandaula n'kusayamika, poti mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa, ndipo azungu anatilamulira zaka zambiri osatimangira zoterezi. Mbali ina akunena zoona, ndipo nkhani yakuti China inatitchera msampha wa ngongole ine sindiivomereza yonse. Mphekesera za mu 2018 zakuti Matchaina alanda kampani ya magetsi ya ZESCO ndi bwalo la ndege sizinapherezeke. Pamene Zambia inalephera kulipira mu November 2020, ndalama zimene inaphonya zinali madola 42.5 miliyoni a chiwongoladzanja cha ma Eurobond, ngongole imene tinatenga tokha pa misika ya azungu. Palibe amene anagwira dzanja la nduna zathu kuti zisaine. Koma yankho limeneli silichotsa vuto, likungolibweretsa pakhomo pathu. Pa ngongole ya madola 6.3 biliyoni imene mayiko anagwirizana kuikonzanso ku Paris mu June 2023, yoposa mabiliyoni 4 inali ya China, ndipo mapangano ambiri a ngongolezo anthu sanawaonepo. Zokambirana zinatenga zaka, Kwacha ikugwa, ndipo boma litachotsa sabuside ya mafuta mu December 2021, amene anamva kuwawa ndi mlimi wolipira thiransipoti ya tomato kupita ku msika wa Soweto. Iyeyo ndege sanakwerepo.

Kumigodi nkhaniyi ndi ya magazi. Mu April 2005 fakitale ya Matchaina ya zophulitsira miyala ya BGRIMM ku Chambishi inaphulika n'kupha antchito pafupifupi 50. Michael Sata anakolezera mkwiyo umenewo pa kampeni ya 2006, koma atalowa ku State House mu 2011 anawalandira Matchainawo ngati anzake onse. Mu February 2025 damu la zinyalala za mgodi la kampani ya ku China ya Sino-Metals linagumuka, asidi n'kulowa mu mtsinje wa Kafue, nsomba kufa, mbewu kupserera, ndipo mzinda wa Kitwe unatsekeredwa madzi. Ena anganene kuti makampani a mayiko ena nawonso aipitsa Copperbelt, ndipo n'zoona. Kusiyana kwake n'kwakuti boma limavutika kudzudzula kampani ya dziko limene likulipempha kuti lichepetse ngongole.

Tsopano China yatenganso TAZARA kuti iikonze ndi kuiyendetsa kwa zaka 30, pomwe America ndi Ulaya akukokera mkuwa womwewo ku njanji ya Lobito. Kulimbirana kumeneku kukutipatsa mpata wokambirana mitengo umene Kaunda analibe. Lamulo la ngongole za boma la 2022 likuti Nyumba ya Malamulo izivomereza dongosolo la kubwereka kwa boma. Phungu wa Chongwe akabwera kudzachititsa msonkhano ku Kanakantapa, pambali pa nkhani ya feteleza ndi mijigo, afunsidwenso kuti wawerenga mapangano angati mwa amenewa, ndipo anavota bwanji.