Usanaime pa chisankho, umudziwe Kanyama Chiume

Mdzukulu wanga,

Amayi ako andiuza kuti ukufuna kusiya choko, ukapikisane nawo pa mpando wa phungu. Sindikukuletsa. Chandilembetsa kalatayi ndi mmene ukumutamandira mtsogoleri wa chipani chako pamisonkhano, mpaka mawu kusasa.

Kanyama Chiume wa ku Usisya naye anali mphunzitsi, wophunzira ku Makerere. Analowa m'Nyumba ya Malamulo ya Nyasaland mu 1956 pamodzi ndi Henry Chipembere, onse asanakwane zaka 30. Anali m'gulu la amene anakakamira kuti Dr. Kamuzu Banda abwerere kumudzi, ndipo Kamuzu atatera pa Chileka mu Julayi 1958, Chiume anapatsidwa udindo wofalitsa nkhani za chipani cha Congress. Ntchitoyo anaigwira mosanyinyirika. Anthu anauzidwa kuti Kamuzu ndi mpulumutsi, kuti wothyola chitaganya ndi iye yekha. Pa nthawi ya atsamunda zimenezi zinathandiza, sindikana.

Chitatha chisankho cha 1961 Chiume anakhala nduna ya zamaphunziro, kenako ya nkhani zakunja. Koma chilandirireni ufulu pasanathe miyezi iwiri, nduna zinamufunsa Kamuzu za tiki yolipira kuchipatala, za malipiro a ogwira ntchito m'boma, ndi za chibale chake ndi Apwitikizi a ku Mozambique. Mafunso abwinobwino ndithu. Pa 7 Sepitembala 1964 Chiume anachotsedwa pamodzi ndi Orton Chirwa, Augustine Bwanausi ndi Rose Chibambo. Tsono akanakadandaula kwa yani? Anthu amene anazolowera kuombera m'manja chilichonse chotuluka m'kamwa mwa Kamuzu ndi omwewo anayamba kumutcha Chiume chigawenga. Anathawira ku Tanzania, nakhalako zaka 30, ndipo chimene chinkamudyetsa ndi cholembera, pogwira ntchito m'manyuzipepala. Anabwerako mu 1994, atakalamba, ndipo anamwalirira ku New York mu 2007.

Iwe ukayamikire ntchito imene mtsogoleri wako wagwira, uitchule dzina lake, ulekere pomwepo. Funso lako loyamba ulifunse panopa pa msonkhano wa komiti, usanapatsidwe kanthu, uone mmene nkhope yake isinthire. Akakwiya lero uli wopanda mpando, ukadzakhala nduna adzakwiya koposa. Setifiketi yako ya uphunzitsi uisunge pabwino, ndipo ndalama za nyumba usaziponye mu kampeni osafunsa mkazi wako.

Ndine agogo ako.